Kukhala m'galimoto chaka chonse: zomwe woyamba moyo wa mu RV ayenera kuyembekezera

M'dziko la America muli anthu omwe adagulitsa kapena kugawa katundu wawo, kubweza makiyi a nyumba, n'kusamukira m'galimoto zokhala ndi bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi. Galimoto zoterezi amazitchula kuti RV, chidule cha mawu a Chingerezi akuti recreational vehicle, omwe akutanthauza galimoto yopitira kokasangalala. Zidapangidwira maulendo a patchuthi, koma masiku ano ena amakhalamo chaka chonse. Ena mwa iwo ndi opuma pantchito, ena ndi mabanja ogwira ntchito kudzera pa intaneti, ndipo ena ndi anthu omwe lendi idawakulira msinkhu.

Zithunzi za pa YouTube ndi Instagram zimaonetsa galimoto itaima m'mphepete mwa nyanja, mwini wake akumwa khofi dzuwa likutuluka. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wosamukira mu RV sathawa udindo wa nyumba. Ntchito zomwe mumzinda amagwira a bungwe la madzi, a magetsi, a khonsolo ndi a positi ofesi, zonse zimagwera pamutu pake, tsiku ndi tsiku, kulikonse komwe waima.

Komwe moyowu udachokera

Kugona m'galimoto paulendo kudayamba galimoto zitangofala ku America. Mu 1919, mumzinda wa Tampa, m'chigawo cha Florida, mudabadwa gulu la apaulendo lotchedwa Tin Can Tourists. M'zaka za m'ma 1930 Wally Byam adayambitsa kampani ya Airstream, yodziwika ndi makalavani ake onyezimira a aluminiyamu. Mu 1959 mkuluyu adatsogolera mdipiti wa makalavani 41 kuchokera ku Cape Town kupita ku Cairo.

Lero ma RV ambiri a ku America amapangidwa mumzinda wa Elkhart ndi madera ozungulira, m'chigawo cha Indiana, komwe kuli likulu la makampani a Thor Industries ndi Forest River. Malonda awo adafika pachimake mu 2021, panthawi ya mliri wa Covid-19, pomwe mafakitale adatumiza kwa ogulitsa ma RV oposa 600,000 m'chaka chimodzi.

Mbiriyi ili ndi mbali ina yosasangalatsa. Chuma cha America chitagwedezeka mu 2008, anthu ambiri adalandidwa nyumba kaamba kolephera kubweza ngongole, ndipo ena, makamaka achikulire, adalowa m'galimoto posowa kolowera. Mtolankhani Jessica Bruder adalemba za moyo wawo m'buku lotchedwa Nomadland mu 2017. Kanema wochokera m'bukuli, yemwe adatsogolera Chloé Zhao, adapata mphoto ya Oscar ya kanema wopambana onse mu 2021.

Mitundu ya ma RV

Ma RV ali m'magulu awiri: odziyendera okha ndi okokedwa. Mwa odziyendera okha, akuluakulu kwambiri ndi a Class A, omwe amaoneka ngati basi ndipo ena amatalika kuposa mamita 13. A Class B ndi ang'onoang'ono, msinkhu wa minibasi yaikulu, ndipo amamangidwa pa galimoto monga Mercedes-Benz Sprinter, Ford Transit kapena Ram ProMaster. A Class C ali pakati, ndipo amadziwika ndi kachipinda kogona komwe kamakhala pamwamba pa dalaivala.

Mwa okokedwa muli kalavani wamba, yomwe amakoleka kumbuyo kwa galimoto, ndi kalavani yaikulu yotchedwa fifth wheel, yomwe amaimangirira m'kati mwa bodi ya pikapu. Ubwino wa kalavani ndi wakuti mukafika pamalo mumaimasula n'kutenga galimoto yokha kupita kumsika. Kuipa kwake n'kwakuti kuibweza m'mbuyo ndi luso lofuna kuphunzira, ndipo mabanja ambiri mkangano wawo woyamba umabukira pamenepo, wina ali pachiwongolero, wina akulozera ndi manja panja.

Mtundu uliwonse uli ndi pomwe umaluma. RV yaikulu imapereka malo okwanira, koma imamwa mafuta ambiri ndipo siloledwa m'makampu ena a m'malo osungira zachilengedwe kaamba ka kutalika kwake. Yaing'ono imalowa paliponse, koma anthu awiri sangadutsane m'katimo popanda wina kukhala pansi.

Ndalama sizichepa zokha

Ambiri amalowa m'moyowu poganiza kuti apulumuka ku lendi. Zoona zake n'zakuti lendi imangosintha dzina. Pali ngongole ya galimoto, yomwe mabanki ena amalola kubweza kwa zaka mpaka 20. Pali inshuwalansi, malipiro a pakampu, mafuta, gasi, intaneti, kuchapitsa zovala ndi kukonzetsa zowonongeka.

Kusiyana kwakukulu ndi nyumba ya njerwa n'kwakuti mtengo wa RV umatsika chaka ndi chaka, ndipo umagwa kwambiri m'zaka zoyambirira. Wogula yatsopano pangongole yaitali angathe kupezeka kuti ndalama zomwe banki ikumufuna zikuposa zomwe angapeze ataigulitsa. Ichi n'chifukwa chake odziwa amalangiza woyamba kuti agule yogwiritsidwapo kale ntchito, katswiri woima payekha ataiyendera, makamaka kufufuza ngati madzi adalowapo m'denga ndi m'makoma.

Mafuta ndiwo amadabwitsa kwambiri. RV ya Class A imayenda makilomita atatu kapena anayi okha pa lita imodzi. Ulendo wa makilomita 1,000 ungamwe malita pafupifupi 300. Apa lamulo lake n'losavuta: woyenda kwambiri amawononga kwambiri. Makampu ambiri amatsitsa mtengo kwa wolipira mwezi wathunthu poyerekeza ndi wolipira usiku umodziumodzi, ngakhale kuti wa pamweziyo nthawi zambiri amalipira magetsi padera malinga ndi mita.

Madzi ndi chimbudzi

RV imakhala ndi mathanki atatu. Yoyamba ndi ya madzi abwino, yomwe imalowa malita pafupifupi 75 m'galimoto zing'onozing'ono mpaka kuyandikira 400 m'zikuluzikulu. Yachiwiri imalandira madzi otsukira mbale ndi osambira. Yachitatu ndi ya zonyansa za m'chimbudzi. Mathanki awiri otsirizawa akadzaza, mwini wake amayenera kupita pamalo ovomerezeka okhuthulira, kuvala magolovesi, kulumikiza paipi yaikulu n'kutsegula yekha. Kutaya zonyansazi patchire kapena mumsewu ndi mlandu.

Pantchitoyi pali dongosolo. Thanki ya chimbudzi imakhala yotseka mpaka itatsala pang'ono kudzaza, kuti madzi ochuluka akankhe zonse pokhuthula. Woisiya yotsegula nthawi zonse amapeza madzi atapita, zolimba zitatsalira n'kuuma m'katimo. Imayamba kukhuthulidwa ndi ya chimbudzi, kenako ya madzi osambira, kuti madzi a sopo atsuke paipi. Paipi ya madzi akumwa imasungidwa payokha, kutali ndi zipangizo za kuchimbudzi.

Kusamba nakonso kumasintha. Munthu amanyowetsa thupi, kutseka mpopi, kudzola sopo, n'kutsegulanso pang'ono kuti atsukuluze. Aliyense yemwe adakhalapo masiku angapo mipopi itauma, akudalira zigubu, akudziwa kale mawerengedwe a madzi otere.

Magetsi ndi gasi

Pakampu, RV imalumikizidwa ku magetsi a pamalopo. Ku America kuli milingo iwiri yodziwika: wa ma amp 30, womwe umapereka ma watt 3,600, ndi wa ma amp 50, womwe umafika ma watt 12,000. Wokhala ndi mlingo waung'onowo amaphunzira msanga kuti makina oziziritsa mpweya, ketulo ndi maikulowevu sizingayake pamodzi popanda magetsi kuthima.

Kutali ndi kampu, magetsi amachokera m'mabatire, omwe amadzazidwa ndi sola za padenga, jenereta kapena injini ya galimoto. Sola zimakwanira kuyatsa mababu, kutchaja mafoni ndi kompyuta, koma kuziziritsa mpweya tsiku lonse kumafuna mabatire ambiri okwera mtengo. Kuphika, kutenthetsa madzi ndi kufunditsa m'kati kumadalira gasi wa propane. Mafuriji ena amayenderanso gasi, ndipo amafuna kuti galimoto iime mosapendekeka, apo ayi amawonongeka.

Apa ndi pomwe pali ngozi yotenga moyo. Jenereta ndi zipangizo zoyaka ndi gasi zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka komanso sununkha. Ndi mpweya womwewo umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Choncho RV iliyonse iyenera kukhala ndi makina ochenjeza za mpweyawu, za utsi ndi za gasi wodontha, komanso chozimitsira moto, ndipo zonsezi ziziyesedwa kawirikawiri.

Kulemera, kutalika ndi matayala

RV iliyonse ili ndi malire a kulemera komwe opanga adailembera pa kachikwangwani pafupi ndi chitseko. M'malirewo mumawerengedwa anthu, zovala, ziwiya, chakudya, gasi ndi madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki ya malita 300 ikadzaza ndiye kuti makilogalamu 300 apita katundu wina asadalowe. Kupyola malire kumatopetsa mabuleki ndi kuphulitsa matayala. Woyamba ayenera kupimitsa galimoto yake itadzaza, pa sikelo za malole zomwe zimapezeka m'malo ambiri omwetsera mafuta a m'misewu ikuluikulu.

Matayala a RV kawirikawiri amakalamba asadathe mapazi, chifukwa amakhala nthawi yaitali ataima padzuwa. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi otsiriza osonyeza sabata ndi chaka chomwe lidapangidwa. Mwachitsanzo, 2321 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2021. Eni ma RV ambiri amasintha matayala pakatha zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale akuoneka abwinobwino.

Dalaivala ayeneranso kuloweza msinkhu wa galimoto yake. Ma RV akuluakulu amafika mamita anayi kuchoka pansi, ndipo mapu a pafoni opangidwira galimoto zing'onozing'ono angathe kumulondolera ku mlatho wotsika. M'zigawo zambiri laisensi wamba imakwanira, koma zina, monga Texas, zimafuna laisensi yapadera galimoto ikapyola mapaundi 26,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 11,800.

Kogona usiku uliwonse

Funso lomwe mwini nyumba sadzifunsa, wa mu RV amadzifunsa sabata iliyonse: ndigona kuti? Makampu a anthu amalonda amapereka madzi, magetsi ndi paipi ya zonyansa pamalo amodzi, koma ndi okwera mtengo, ndipo ena amakana ma RV opyola zaka 10. Makampu a boma m'malo osungira zachilengedwe ndi otsikirapo mtengo, koma ambiri alibe magetsi, amaika malire a masiku, ndipo malo ake amasungitsidwa pa intaneti miyezi ingapo nthawi isadakwane.

Njira yachitatu ndi kuima patchire popanda kulumikizidwa ku chilichonse, zomwe eni ake amazitchula kuti boondocking. Nthambi ya boma ya Bureau of Land Management imayang'anira malo okwana mahekitala pafupifupi 99 miliyoni, ambiri mwa iwo kuzambwe kwa dzikolo. Malowa ndi aakulu kuposa dziko la Malawi kasanu n'katatu. Pa ambiri mwa malowa munthu amaloledwa kuima ulele kwa masiku 14, kenako asamuke. Masitolo ena a Walmart amalolanso kugona usiku umodzi pamalo awo oimika galimoto, koma zimadalira manijala wa sitoloyo ndi malamulo a mzindawo.

M'mizinda zinthu zikunka zithina. Makhonsolo ambiri amaletsa kugona m'galimoto m'misewu. Mu Juni 2024 khothi lalikulu la America, pa mlandu wa mzinda wa Grants Pass, lidagamula kuti mizinda ili ndi mphamvu zolanga anthu ogona m'malo a aliyense. Chigamulochi chimakhudza kwambiri omwe ali m'galimoto kaamba ka umphawi, poti iwo alibe ndalama za pakampu.

Keyala, msonkho ndi chipatala

Ngakhale munthu alibe nyumba, boma, banki ndi kampani ya inshuwalansi zimafunabe keyala yake. Choncho wa mu RV amasankha chigawo chimodzi kukhala kwawo pamaso pa lamulo, komwe amatengera laisensi, kulembetsa galimoto ndi kuvota. Zigawo zitatu zotchuka ndi Texas, Florida ndi South Dakota, chifukwa sizidula msonkho wa chigawo pa malipiro a munthu, ngakhale msonkho wa boma lalikulu umalipiridwabe. Makalata amafikira ku makampani omwe amawasunga ndi kuwatumiza komwe mwini wake ali. Gulu la Escapees RV Club, lomwe lidayamba mu 1978, limagwira ntchito yotereyi m'tauni ya Livingston ku Texas.

Inshuwalansi ya RV ya patchuthi njosiyana ndi ya munthu wokhalamo chaka chonse, ndipo wobisa zoona pogula angathe kukanidwa chipukutamisozi ngozi itachitika. Za chipatala n'zovutirapo. Ku America chithandizo cha mankhwala n'chodula, ndipo ma inshuwalansi ambiri a zaumoyo amagwira ntchito ndi madokotala a m'dera limodzi lokha, kupatula pa matenda adzidzidzi. Ofika zaka 65 amathandizidwa ndi ndondomeko ya boma ya Medicare, koma ochepera apo, makamaka odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ayenera kukonzeratu komwe azikaonana ndi dokotala ndi kutenga mankhwala.

Kwa mlendo wochokera kunja kuli malire ena. Viza yokaona malo nthawi zambiri imalola kukhala m'dzikolo miyezi 6 osapyola, ndipo silola kugwira ntchito.

Kupeza ndalama uli pamsewu

Ogwira ntchito pa intaneti amadalira netiweki ya mafoni, yomwe imasowa m'zipululu ndi m'mapiri momwe muli malo aulele. Kuyambira mu 2022, pomwe kampani ya Starlink idayamba kugulitsa intaneti ya setilaiti kwa eni ma RV, vutoli lidachepa, koma chipangizo chake chimadya magetsi ndipo chimafuna malo opanda mitengo yotchinga kumwamba.

Ena amagwira maganyu a panyengo. Pali oyang'anira makampu, omwe amasesa zimbudzi ndi kulandira alendo posinthana ndi malo oimikapo ndi kamalipiro kochepa. M'mwezi wa Okotobala ena amapita ku North Dakota ndi Minnesota kukathandiza pa zokolola za mbewu ya beet yopangira shuga, ntchito ya maola ambiri pamphepo yozizira. Kampani ya Amazon idakhalanso zaka zingapo ikulemba anthu a m'ma RV m'nyumba zake zosungira katundu, pansi pa ndondomeko ya CamperForce, panyengo yoyandikira Khirisimasi. Ntchitozi n'zolemetsa, ndipo ambiri ozigwira ndi achikulire.

Nyengo ndiyo imalamula

Makoma a RV ndi opyapyala. Kukatentha, m'kati mumasanduka uvuni. Kukazizira kufika pa digiri 0, madzi amaundana m'mapaipi n'kuwaphulitsa. Mpweya wopuma anthu ndi nthunzi ya pophika zimachita mame m'mazenera ndi m'makona, ndipo popanda kutsegula mawindo nkhungu imamera kuseri kwa matiresi.

Kaamba ka ichi ambiri amasamuka motsata nyengo: kumpoto kapena kumapiri m'miyezi yotentha, kum'mwera m'miyezi yozizira. Tauni yaing'ono ya Quartzsite, m'chipululu cha Arizona, imadzaza ndi ma RV zikwizikwi mu Januwale. Kumeneko boma lidapatula malo omwe wogula chiphaso angakhalepo kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Epulo. Komweko Bob Wells, yemwe amaphunzitsa za moyo wa m'galimoto pa YouTube, adayambitsa msonkhano wa pachaka wotchedwa Rubber Tramp Rendezvous, komwe atsopano amaphunzira kwa akale.

Nyumba yogwedezeka tsiku lililonse

Nyumba yoyenda pamsewu imagwedezeka ngati ili pachivomezi. Zomangira zimamasuka, mapaipi amadontha, zitseko za makabati zimagwa. Mdani wamkulu ndi madzi a mvula olowera m'ming'alu ya padenga, omwe amaoletsa matabwa mwakachetechete. Denga liyenera kuyenderedwa ndi kumatidwa kangapo pachaka.

Galimoto ikapita kugalaja, nyumba yonse yapita. M'nyengo yomwe anthu ambiri ali paulendo, kudikira makaniko kapena zipangizo kungatenge masabata, mwini wake akulipira hotela. Makampani ena opanga ma RV salonjeza kukonza ulele ngati munthu akukhalamo chaka chonse. Choncho woyamba ayenera kukhala ndi bokosi la zipangizo, mtima wofuna kuphunzira kukonza zing'onozing'ono, ndi thumba la ndalama zapadera lomwe sakhudza pokhapokha zitavuta.

Mtima ndi banja

Chovuta china sichioneka pazithunzi. Kugawa katundu wa zaka zambiri kumawawa, ndipo ena amalipira malo osungira katundu kwa zaka mpaka ndalamazo kuposa mtengo wa katunduyo. Mwamuna ndi mkazi omwe kale ankaonana madzulo okha amapezeka ali limodzi usana ndi usiku m'chipinda chimodzi, popanda koti wina apite akakwiya. Woyenda yekha amakumana ndi anthu ambiri, koma ubwenzi wake umatha pakapita masiku 14. Maliro, maukwati ndi matenda a abale zimamupeza ali kutali. Okhala ndi ana amasanduka aphunzitsi, potsata malamulo a maphunziro a pakhomo a chigawo chomwe adalembetsa.

Miyezi yoyambirira

Akale m'moyowu amagwirizana pa malangizo angapo. Choyamba, bwerekani RV kwa sabata imodzi kapena ziwiri musadagule, ndipo muyese nthawi ya mvula kapena yozizira. Chachiwiri, mukagula, yambani mwakhala pakampu yapafupi ndi kwanu, kuti zolakwika zoyamba zichitikire pomwe pali okuthandizani. Chachitatu, lembani mndandanda wa zoyenera kuona musadanyamuke: chingwe cha magetsi chazulidwa, mapaipi achotsedwa, gasi watsekedwa, makabati akhomedwa, masitepe apindidwa.

Chachinayi ndi kudekha. Atsopano ambiri amathamanga ngati ali patchuthi, kufuna kuona dziko lonse m'miyezi itatu, ndipo amatopa ndalama zitatha. Pali lamulo lomwe eni ma RV amauzana: osayenda mamailosi opyola 300 patsiku, omwe ndi makilomita pafupifupi 480, kufika pamalo 3 koloko masana isadakwane, ndi kukhalapo masiku osachepera atatu.

Chotsiriza ndi kusiya khomo lobwererera. Thanzi limasintha, makolo amakalamba, galimoto imatha. Wogulitsa nyumba n'kuthira ndalama zonse mu RV angadzapeze kuti mitengo ya nyumba idakwera pomwe wa galimoto yake udatsika. Moyowu uli ndi zokoma zake zenizeni: kudzuka pamalo atsopano, kukhala ndi katundu wochepa, ndi kusamuka osapempha chilolezo kwa landilodi. Koma walira mvula walira matope. Omwe amakhalitsamo ndi omwe adawerengera matopewo asadapereke makiyi a nyumba.